CITHUNZI CISANDUKA ULUSI

Mlendo wodzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya sacoka ku Livingstone cimanjamanja. Pa msika wa Mukuni Park agula njobvu yosema, ndipo m'masitolo afunafuna kapusi kapena malaya opetedwa cithunzi ca mathithiwo, kapena ca mlatho uja unatsirizidwa m'caka ca 1905. Ana a sukulu a ku Maramba ndi ku Dambwa abvala mabaji opetedwa pacifuwa, momwemonso anchito a m'mahotela a m'mbali mwa Zambezi. Zambiri mwa izi zipetedwa ndi makina. Kodi makinawo adziwa bwanji copeta?

Makina alibe maso. Cimene adziwa ndico kumvera malamulo: singano ibaye apa, mkombero wogwira nsalu usendere pang'ono, singano ibayenso apo, ulusi wofiira uleke, wakuda uyambe. Cotero pakati pa wojambula ndi makina payenera kukhala munthu wosandutsa cithunzi kuti cikhale mndandanda wa malamulo otere. Nchito imeneyi pa Cingerezi aicha digitizing.

Makina opeta si acilendo pa dziko. Josué Heilmann wa ku Mulhouse, m'dziko la France, anapanga ace m'caka ca 1828, ndipo Isaak Gröbli wa ku Switzerland anapanga ena ofulumira koposa m'caka ca 1863. Pambuyo pace amisiri anayamba kuboola timabowo pa pepala lalitali, ndipo makina anali kutsata timabowoto. Lero nchitoyo icitika pa kompyuta.

Bvuto lace ndi mtengo. Maprogramu ochuka, monga a kampani ya Wilcom, agulidwa ndi madola ambiri. Mnyamata wodziwa kujambula, koma wopanda ndalama zotere, apereka cithunzi cace kwa mwini programu, nalipira. Fayilo ya malamulo ikatsala komweko, ena angathe kupeta nayo makapusi mazana, iye osalandirapo ngwee.

Koma ilipo njira yaulere. Programu yojambulira yochedwa Inkscape, imene inayamba m'caka ca 2003, siigulitsidwa. Pa iyo alumikizapo inzace, Ink/Stitch, yolembedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana, nayonso yaulere. Ziwirizi zigwira nchito pa Windows, pa Mac ndi pa Linux, ndipo intaneti ifunika pozitenga pokha.

Kacitidwe kace ndi kotere. Poyamba munthu ajambula pa pepala, tinene nkhwazi, ndi mizere yooneka bwino ndi mitundu yowerengeka. Aitola ndi foni, nailowetsa mu Inkscape, natsata mizere yace kufikira ciwalo ciri conse cikhale pacokha: mutu, mlomo, mapiko. Atatero asankhira ciwalo ciri conse msoko wace. Misoko yaikuru ndi itatu. Woyamba ndi wa mzere umodzi, woyenera malire ndi zinthu zopyapyala. Waciwiri, wochedwa satin, ulusi upita uku ndi uku mothithikana. Ndiwo wa zilembo ndi m'mphepete mwa baji. Wacitatu ndi wodzaza malo otakata, monga phiko. Programuyo ionetsa pa galasi m'mene singano idzayendere, kuti colakwa cioneke ulusi usanaonongeke.

Potsiriza asunga fayilo m'cinenero ca makina amene adzapeta. Makina a Brother amva PES, a Janome amva JEF, ndipo makina akuru a m'mafakitale ambiri amva DST ya Tajima. DST siisunga mitundu ya ulusi, cifukwa cace wojambula alembe mitunduyo pa pepala, kuopa kuti nkhwazi ingaturuke yobiriwira. Fayiloyo aitengera kwa mwini makina pa kafulashi.

Programu ndi yaulere, koma luso siliperekedwa pamodzi nayo. Ulusi suli ngati inki. Uli ndi thupi, ndipo pomangika ukoka nsalu, kotero kuti cozungulira bwino pa galasi cituruka cophwatalala ngati mmisiri sanaonjezeko pang'ono m'mbali. Pansi pa msoko wooneka payenera kuyamba msoko wa maziko, ndipo kuseri kwa nsalu aikako cocirikiza kuti isakwinyike. Zilembo zocepera mamilimita 5 kawirikawiri siziwerengeka. Utsi wa mathithi, umene wopaka utoto auzimiriritsa pang'onopang'ono, wopeta ayenera kuugawa m'mitundu iwiri kapena itatu yokha. Nsalu ya sikipa itamuka, ya citenje siitamuka. Fayilo yokoma pa imodzi ingathe kuipa pa inzace. Wanzeru ayamba wayesa pa cigamba. Akuru anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kale Livingstone unali mzinda wa mafakitale a nsalu ndi zobvala, koma ambiri anatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, zobvala za kunja ndi salaula zitacuruka. Matelala a pa misika ndiwo anatsala, pamodzi ndi anyamata ndi atsikana odziwa kujambula. Makina opeta akali odula, ndipo ambiri adzapitabe kukalipira kwa mwini makina. Koma wokonza yekha fayilo alipira kupeta kokha. Asunge fayilo yoyamba ya Inkscape, imene akhoza kuikonzanso, ndipo apangane ndi mwini makina kucuruka kwa makapusi singano isanayambe kubaya.