Sikuluwu Yosachoka pa Chitseko Chake

Mwa zitsulo zonse za m'ndege, palibe chimene munthu angachipeputse ngati sikuluwu yomangira tizitseko timene amakaniko amatsegula pofuna kuyendera injini. Komatu kanthu kameneka kakapulumuka m'manja ndi kugwera m'kati mwa makina, ntchito yonse imaima kufikira kataoneka, pakuti injini ikameza chitsulo, mapeni ake ozungulira amabenthuka.

Kuopsa kwa chitsulo chotayika kunaoneka poyera pa 25 Julaye 2000 ku Paris. Kachitsulo kotalika pafupifupi masentimita 43 kanathothoka pa ndege ya DC-10 ndi kutsala pamsewu wonyamukira. Patangopita mphindi zisanu ndege ya Concorde inakaponda, tayala linaphulika, thanki ya mafuta inang'ambika, moto unabuka, ndipo anthu 113 anataya miyoyo yawo. Chinagwacho sichinali sikuluwu, koma phunziro lake ndi lomwelo: pandege sipayenera kugwa kanthu.

Amisiri anayamba kale kulimbana ndi vutoli. Mmodzi mwa iwo anali William Dzus, mbadwa ya ku Ukraine amene anasamukira ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 iye anapanga chomangira chopanda mazinga, chokhala ndi mpata wokhotakhota kunsonga. Munthu akachipotoza pang'ono chabe, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kwathunthu, mpatawo umakola kawaya kolimba komwe kali m'kati, chitseko n'kugwira nganganga. Akachibweza chitseko chimatseguka, koma chomangiracho chimatsala chili lende pomwepo. Ndege zambiri za pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse zinamangidwa ndi zomangira zimenezi.

Mtundu wina uli ndi mazinga monga sikuluwu wamba, koma kunsonga kokha. Khosi lake analisema kuti likhale lowonda, ndipo kuseri kwa chitseko kuli kamphete kamene kamalola khosilo kuyenda koma kamakaniza mazinga kudutsa. Motero sikuluwuyo ili ngati mbuzi ya pachingwe: imayendayenda, koma sichoka pamene anaimangirira. Zina zili ndi sipuling'i imene imatukula mutu ikamasulidwa, kotero kuti woyendera makina amaona msanga kuti apa sipanamangidwe.

Lero zomangira zotere zimapezeka pa mabokosi a magetsi, makabati a makompyuta ndi makina a m'mafakitale. Lamulo la makina limene maiko a European Union anakhazikitsa mu 2006 linanena kuti zomangira za chotchinga chokhazikika zizitsala pa chotchingacho kapena pa makinawo chikachotsedwa. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anagwirapo ntchito pa chigayo: mabawuti akasowa, chotchinga chimatsamiritsidwa kukhoma kudikira mawa, lamba n'kumazungulira pamtunda pafupi ndi manja a anthu. Sikuluwu yosatayika imachotsa chowiringula chimenecho, ndipo makaniko amatseka chitseko chake asanaweruke.