Ntchito ya Malamulo a m'Malire ku Mchinji

Boma la Mchinji, lomwe kale linkatchedwa Fort Manning, lili kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe. Msewu waukulu wochokera ku Lilongwe umadzera m'bomali, nuloŵa m'dziko la Zambia pa Mwami, nukafika ku Chipata.

Malire amene analembedwa m'nthaŵi ya atsamunda anagaŵa anthu a mtundu umodzi. Chaka ndi chaka, mwezi wa Ogasiti, Acheŵa a ku Mchinji amapita ku Mkaika, m'boma la Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni nawonso amapita ku Ncwala kwa Mpezeni mwezi wa Febuluwale. Ena amadutsa malire chifukwa cha maliro, ukwati kapena malonda. Ngakhale kuti anthuŵa ndi abale, aliyense ayenera kudzera pa chipata chovomerezeka ndi kuonetsa chiphaso choyendera.

Malamulo a za kuloŵa ndi kutuluka m'dziko ndi ambiri, ndipo amasintha. Lamulo la unzika la 1966 linasinthidwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2018 kuti Mmalaŵi azitha kukhalanso nzika ya dziko lina. Lamulo la 1989 limasamala za anthu othaŵa kwawo, monga aja akhala ku Dzaleka m'boma la Dowa. Lamulo la 2015 limalanga anthu amene amanyengerera anzawo ndi ntchito zabodza kuti akaŵagwiritse ukapolo. Mu 2022 atsogoleri a Malaŵi ndi Zambia anatsegula nyumba zatsopano pa malire a Mchinji ndi Mwami, kuti wapaulendo aziima kamodzi kokha m'malo mwa kaŵiri.

Munthu wosadziŵa malamuloŵa amavutika. Mayi wa ku Chipata wokwatiŵa ku Mkanda angakhale zaka zambiri osadziŵa kuti afunika chilolezo chokhalira m'dziko muno. Mnyamata wodzera njira yachidule kukalima fodya kutsidya angamangidwe, ndipo malipiro ake angatayike. Pajatu safunsa anadya phula.

Pali anthu a mitundu itatu amene amathandiza pa zotere. Woyamba ndi ofesala woona za kuloŵa ndi kutuluka m'dziko. Iyeyu amayang'ana ziphaso, nadinda chidindo, nabweza amene alibe chilolezo. Wachiŵiri ndi loya. Iye amalongosolera munthu zimene lamulo likunena, amamthandiza kulemba makalata opempha unzika, ndiponso amamuimira pa bwalo la milandu. Wachitatu ndi mphunzitsi wa malamulo, amene amasula anzake aŵiri aja. Kaŵirikaŵiri mphunzitsi wabwino ndi amene anayamba waimirapo anthu pa milandu, chifukwa amaphunzitsa zimene anaziona ndi maso.

Ulendo wofika pa ntchito zimenezi umayambira m'kalasi ya pulayimale. Mwana ayenera kulimbikira kuŵerenga, kulemba bwino ndi kulankhula momveka m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi. Akakhoza mayeso a Fomu 4 ndi kukwaniritsa zofunika zina, angathe kukaphunzira malamulo ku Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba kwa zaka zingapo. Pambuyo pake amalumbiritsidwa ku Bwalo Lalikulu la Milandu kuti akhale loya. Wofuna kuphunzitsa ena amapitirizabe maphunziro ake.

Koma nzeru zokha sizikwanira. Wogwira ntchito ya m'malire ayenera kukana ziphuphu, pakuti chidindo chogula ndi ndalama chingaloŵetse chigaŵenga m'dziko kapena kutayitsa mwana wobedwa. Ayeneranso kukhala waulemu, pokumbukira kuti mlendo ndi mame.

Mafunso

1. Kodi boma la Mchinji linkatchedwa chiyani kale?
2. Tchulani zifukwa zitatu zimene anthu amadutsira malire.
3. Kodi lamulo la unzika linasintha motani mu 2018?
4. Fotokozani kusiyana kwa ntchito ya loya ndi ya mphunzitsi wa malamulo.
5. Kodi mwambi wakuti "safunsa anadya phula" utanthauzanji?