Malume Avinanso Ngoma!

Mukadawaona malume anga pa Manjawira zaka ziwiri zapitazo, mukadati ndi nkhalamba. Zala zachikasu, milomo yakuda bii, m'thumba la malaya muli chingambwe ndi timapepala topichirira. Tambala asanalire mudzi wonse unkadziwa kuti adzuka: kho! kho! kho! Pakamtunda kalikonse ankatsitsa wokwera n'kumakankha njinga yawo ya kabaza, akupuma mwawefuwefu. Chishango chawo cha ngoma chinkangodyedwa ndi njenjete kudenga.

Chinawatembenuza ndi kamdzukulu kawo komwe chifuwa sichinkakatha. Mlangizi wa zaumoyo sanawabisire. Anawauza kuti utsi wa fodya uli ndi poizoni wambirimbiri, pafupifupi mitundu 70 yoyambitsa khansa, ndipo mwana wogona m'nyumba ya wosuta nayenso amasuta. Bungwe la WHO limati fodya amapha mpaka theka la osuta amene sasiya. M'dziko lathu lomwe limadalira fodya pachuma, mawu otere anachedwa kumveka. Pangano la WHO lochepetsa kusuta tidalivomereza mu 2023.

Malume anasankha kusiya kusuta pa 31 Meyi, tsiku lolimbana ndi fodya padziko lonse. Analengeza kutchalitchi, kubawo, ngakhale kwa anzawo a kabaza, kuti manyazi awagwire akabwerera. Sabata yoyamba inali yowawa. Tulo osabwera, ukali ngati mavu. Chibaba chikawagwira ankamwa madzi, kutafuna nzimbe, n'kuwerenga magalimoto odutsa pa M1 mpaka chitazirala, poti sichichedwa kutha. Pamaliro ena anagwa, anasuta ndudu imodzi. M'mawa mwake anayambiranso ulendo wosiya fodya, ndipo apa m'pamene ndimawanyadira kwambiri.

Lero bwerani mudzaone! Amapalasa mpaka pa Chingeni osatsika, thumba la chimanga lili kumbuyo. Chifuwa chija chinazimiririka pang'onopang'ono, cha kamdzukulu nacho chinatha. Tsiku lina akudya anaima n'kufunsa akazi awo kuti, "Kodi mwasintha kaphikidwe?" Ayi ndithu, therere linali lomwe lija, lilime ndi lomwe linadzuka. Ndalama za fodya ankaziponya m'chitini, ndipo pano pakhomo pali mbuzi ya bere.

Loweruka lapitali paukwati ndinamva nthungululu, ndinathamanga. Ndi malume pakati pa bwalo, chishango chatsopano kumanzere, chibonga m'mwamba, phazi likugunda pansi fumbi kuti koboo! Atandiona anafuula, "Mphwanga, bwera undigwirire jekete, sindinayambe!"