Njoka Zoŵeta ndi Phunziro la Chibadwa

Mphunzitsi akafika pa mutu wa chibadwa, kaŵirikaŵiri amayamba ndi nsawawa za Gregor Mendel, amene anafalitsa zofufuza zake mu 1866, ndipo ana amangolemba osamvetsa. Nkhani ya njoka zoŵeta ikhoza kuwagalamutsa.

Ku America ndi ku Ulaya anthu amaŵeta m'nyumba kansato kofatsa kotchedwa ball python, kamene kwawo ndi maiko onga Ghana, Togo ndi Benin. Ogula amafuna yamaŵanga achilendo, ndipo mtengo umatsata maŵangawo. Mu 1992 Bob Clark wa ku America anaswetsa nsato zachialubino za mtundu umenewu. Khungu lotere limaoneka pokhapokha mwana akalandira kambewu ka chibadwa komweko kuchokera kwa atate ndi kwa make. Tsono njira yachidule kwa woŵeta ndiyo kukweretsa njoka kwa mlongo wake kapena kwa kholo lake. Vuto nlakuti zachibale sizifanana maŵanga okha. Timbewu ta zilema timene tinabisala m'makolo timakumananso, ndipo mtundu umanka nufooka. Oŵeta amadziŵa kuti mtundu wotchedwa caramel albino umaswa kaŵirikaŵiri ana opindika msana.

Ana angaone zimenezi ndi maso. Tengani zitini ziŵiri, m'chilichonse muike nyemba zofiira 50 ndi zoyera 50. Chitini chimodzi ndi tate, china ndi mayi. Nyemba yoyera ndi kambewu kobisala. Mwana atsinzine, atole nyemba imodzi m'chitini chilichonse, mnzake alembe pa bolodi, kenaka azibweze. Akatero ka 100, adzapeza kuti zoyera ziŵiri zatuluka pamodzi pafupifupi kamodzi pa kanayi kalikonse. Mukatero sinthani chitini chimodzi ndi cha zofiira zokhazokha, kuimira njoka yachilendo yopanda kambewuko. Musafulumire kufotokoza, alekeni azizwe okha kuti zoyera ziŵiri zaleka kukumana.

Koma chenjerani, si chilema chilichonse chimene chimadza ndi chibale. Nsato yotchedwa spider imagwedeza mutu ndi kupotokola khosi, nthaŵi zina nkuphonya chakudya. Kambewu kamodzi kokha nkokwanira: komweko kamene kamakongoletsa khungu ndiko kamadza ndi vuto la m'kati mwa khutu, mmene muli chiwalo chothandiza thupi kukhazikika. Ngakhale muikweretse kwa njoka yakutali chotani, ana otengera maŵangawo amatengeranso vutolo. Wophunzira wokhoza kusiyanitsa ziŵirizi ndiye wamvetsa phunziro.

Mwina m'kalasi mwanu muli mwana wachialubino. Nenani poyera, anzake asanayambe kunong'onezana, kuti makolo osakhala pachibale nkomwe angathe kukhala ndi kambewuko onse aŵiri, ndi kuti ana ambiri achialubino amabadwa motero.