Malo Okaona ndi Malo Opatulika ku Mashonaland

Aphunzitsi, ana ambiri a m'mafamu a ku Mashonaland ndi adzukulu a anthu ochokera ku Malawi ndi Mozambique. Ena amakula akutchedwa "obwera", choncho mbiri ya dera lawo amaiona ngati ya eni ake. Ulendo wokaona malo ungasinthe maganizo amenewa. Taonani malo atatu awa.

Mapanga a Chinhoyi. M'menemo muli dziwe lakuya la madzi abuluu lomwe Ashona amalitcha Chirorodziva. Madzi ankasungunula mwala wa laimu pang'onopang'ono mpaka denga la phanga linagwa. Apa mungaphunzitse mphamvu ya madzi.

Mishoni ya Chishawasha. Ili kufupi ndi Harare, ndipo anaiyambitsa ndi ansembe a Chikatolika a gulu la Ajezuiti mu 1892.

Malo okumbukira Bernard Mizeki. Ali kufupi ndi Marondera. Mizeki anali katekisiti wa mpingo wa Anglican, ndipo anaphedwa mu June 1896. Akhristu amamukumbukira pa 18 June chaka chilichonse. Muwauze ana kuti nayenso anali wobwera, anabadwira ku Mozambique.

Nanga ndalama ya basi ikasowa? Yambani pafupi pompo, monga pa tchalitchi kapena mzikiti wa pa komboni. Musanapite, kapempheni chilolezo kwa akuluakulu a pamalopo, ndipo muwafotokozere ana zoyenera kuvala. Koma kudambwe la gule wamkulu musapiteko ndi ana. Kumeneko n'kwa olowa okha.

Ntchito: Lembani malo awiri a kufupi ndi sukulu yanu. Kodi ana angaphunzireko chiyani?