Nambala Yachinsinsi Ndiyo Loko wa Ndalama za Mbewu Zanu

Alimi anzanga, kale mukagulitsa mbewu ndalama munkazimanga pa mpango. Lero za fodya zimaloŵa ku banki, ndipo za soya ndi mtedza ambiri mumalandira pa foni, chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba mu 2013. Choteteza thukuta lanu la chaka chonse tsopano ndi manambala anayi okha.

Poyendera alimi ndaona kuti ambiri mumasankha 1234, 0000 kapena chaka chobadwa. Wakuba amayambira pomwepo. Chaka chanu chobadwa chili pa chiphaso cha unzika, chimene mumasunga m'chikwama chimodzi ndi khadi la ku banki. Ena mumatenga nambala yanu yaulimi, kuiŵala kuti imalembedwa pa belo lililonse ndipo aliyense wonyamula mabelo amaiŵerenga.

Njira imene ndimaphunzitsa ndi iyi. Ganizirani chiganizo cha mawu anayi chonena za kwanu, chimene simungachiiŵale, ndipo muŵerenge zilembo za liwu lililonse. Mwachitsanzo, "Agogo anabzala mango pachulu" chikupereka 5, 8, 5 ndi 7, ndiye kuti 5857. Mutu ukazizira pa mzere wa ku banki, bwerezani chiganizocho chamumtima, muŵerenge ndi zala. Koma chonde musatenge changachi, poti chaŵerengedwa kale ndi alimi onse! Ku banki ndi pa foni mukhale ndi ziganizo zosiyana, kuti wodziŵa nambala imodzi asakumalizeni konse.

Inu matenanti, mvetsetsani apa. Pa esiteti ina ndinapeza bambo amene ankapatsa mnyamata wa pa sitolo foni kuti amutapire ndalama, namutchulira nambala mokweza. Malipiro a chaka chonse ataloŵa, anangokhala masiku aŵiri. Ngati maso akuvutani, ejenti alembe zina zonse, koma nambala yachinsinsi mudine nokha mutaphimba ndi dzanja. Kapitawo, mwini esiteti, ngakhale ine mlangizi wanu, palibe woyenera kuidziŵa.

Wina akaimba foni nati ndi wa ku kampani kapena ku banki, akufuna nambalayo kuti akonze akaunti yanu, dulani foniyo. Ogwira ntchito enieni saifunsa. Ndipo ngati mukukayika kuti wina anakusuzumirani, isintheni tsiku lomwelo, musanapite nawo mabelo ku okushoni.