Chizimalupsa cha ku Joni sichipereka mpata

Kwathu ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, mvula yoyamba imayamba yachenjeza. Mu Okutobala mitengo ya m'tchire iphukira, kutentha kukula, mitambo iunjikana masiku angapo. Chizimalupsa chikagwa, nthaka imwa madzi, fumbi ligona, ndipo aliyense adziwa kuti nthawi yakwana yomaliza kuunga mizere ndi kufolera nyumba. Anansi athu a ku Tsangano, alimi a tirigu ndi mbatata ya kachewere, nawonso amaidziwa chomwechi.

Koma ana athu ena sali kumudzi. Anaoloka Zambezi pa Tete, nadutsa Cuchamano ndi Beitbridge, ndipo lero ali ku Johannesburg, komwe makolo a nthawi ya Wenela ankati ku Joni. Kumeneko mvula ya nyengo ya mphukira ili ndi khalidwe lina.

Mzindawu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira ndipo mvula siigwa kawirikawiri. Tsono mu Okutobala ndi Novembala, mitengo ya jakaranda itachita maluwa m'misewu, m'mawa kumacha bwino, dzuwa lili phwee. Munthu apita ku ganyu wopanda ambulera. Chakumadzulo mtambo wakuda bii udzuka, mphepo ikuntha, mphezi ing'anima, ndipo posakhalitsa mvula ikhuthuka, nthawi zina ndi matalala. Pa 28 Novembala 2013 matalala otere anaswa mawindo, madenga ndi magalimoto ambiri m'chigawo cha Gauteng.

Mlendo amanyengeka apa. Fungo la dothi lonyowa limkumbutsa kumunda, mtima uli kwa amai ndi mbeu ya chimanga, naganiza kuti mvulayi ndi yomwe ija ya kwao. Ai ndithu. M'tauni pansi mpa phula ndi simenti, madzi alibe polowera. Onse athamangira m'ngalande, ngalande zina zitsira mu mtsinje wa Jukskei, umene uyambira pakati pa mzinda nudutsa ku Alexandra, kumene osauka ndi alendo amanga zisakasa za malata m'mphepete mwa madzi.

Pa 9 Novembala 2016, nthawi yoweruka ku ntchito, mvula yadzidzidzi inasandutsa mseu waukulu wa N3 kukhala mtsinje. Magalimoto anamira, anthu angapo anafa. Ku Stjwetla, m'mbali mwa Jukskei, zisakasa zinakokoloka, ndipo mwana wazaka 3 anatengedwa ndi madzi. Pa 3 Disembala 2022 anthu a mpingo wina anali pa mwambo wao mu mtsinje womwewo, madzi anadza mwadzidzidzi, ndipo oposa 10 anafa. Mtsinje wa m'tauni ungathe kudzaza pamene iwe uli ngakhale mvula yagwa kumtunda kokha.

Choncho inu amene muli ndi mwana, mwamuna kapena mlongo ku Joni, akaimba foni musamangofunsa za ndalama ya feteleza. Mfunseni kuti chisakasa chake chili pati. Ngati chili m'khwawa, asamukire kumtunda mvula isanayambe, ngakhale lendi ikwere pang'ono. Mapepala ake a ulendo asunge m'pulasitiki, poti mlendo wotaya mapepala wataya miyendo. Mtambo ukada asabisale pansi pa mtengo kapena pa mlatho, ndipo asaoloke madzi othamanga, ngakhale ooneka olekeza m'mawondo. Kuchedwa kufika kunyumba sikupha munthu.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ku Joni makwawa ena anawakwirira ndi simenti, koma madzi akuwadziwabe. Ife kuno tikamakondwera ndi chizimalupsa, tikumbukire abale athu amene mvula yomweyo imawapeza m'dziko la eni, ndipo tiwachenjeze nthawi ikadalipo.